Ndinakulunga Mandasi m'Mayina a Amasiye

Amayi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Atsogoleri amafuna ndiime kutsogoloko ndi chimkuzamawu, koma ndapempha kuti ndilankhule ndili pompano, pafupi nanu. Dzina langa ndine Esinati Nachisale, ndimakhala ku Bangwe. Sukulu ndinalekezera sitandade 3. Ambiri a inu mumasesa m'maofesi a m'tauni muno monga ndinkachitira ine, ndiye mukudziwa fungo la mopu yonyowa, mukudziwa kachipinda kosungira ndowa ndi matsache, mukudziwanso kuti anthu ophunzira akataya pepala sayang'ana kuti akutola ndani.

Ine ndinakhalako kundende miyezi isanu ndi inayi. Ndayambira pamenepo kuti musadzamvere kwa ena.

Amuna anga, bambo Kachingwe, anali dalaivala pa kampani ina ya inshuwalansi ya maliro chakufupi ndi ku Mandala. Anadwala sabata imodzi yokha. Lolemba anadandaula mutu, Lamulungu tinali kumanda. Kampaniyo inayendetsa maliro bwinobwino chifukwa iwo anali atalembetsa. Patapita miyezi itatu anandiitana kuti pali malo a wosesa. Anandichitira chifundo anthu amenewo, ndipo ndikufuna muzikumbukira zimenezi pamene mukumva zotsatirazi.

Anandipatsa chipinda chachikulu cha pamwamba chimene amachitcha kolosenta. Ndi kumene kumafikira mafoni onse a makasitomala. Tsiku loyamba ndinaona ngati ndalowa kwa amisala. Anyamata ndi atsikana atakhala m'mizere, aliyense atavala mahedifoni kumutu, akulankhula yekha, akupepesa kwa munthu wosaoneka. Mawindo otseka, phokoso la mumsewu osamveka. Pakhoma panali TV yaikulu yosonyeza kuti anthu angati akudikira kuyankhidwa. Ikafiira, madamu Gondwe, amene anali supavaiza, ankayamba kuyendayenda kumbuyo kwa mipando ngati nkhuku yofuna poikira.

Mwa onsewo panali mtsikana mmodzi dzina lake Tiyamike. Ankafika m'mamawa ndisanamalize kukolopa, chifukwa ankakwera galimoto ya malume ake kuchokera ku Chilomoni. Anali ndi kapu yake yachikasu, ndipo tiyi wake tinkagawana.

"Anti, mopu yanuyo isandizulire waya. Mukufuna ndiziyankha makasitomala ndi pakamwa pawindo?"

"Iwe undiuze kaye. Tsiku lonse deta, deta. Deta n'chiyani? Ndi ndiwo?"

Anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Deta ndi inuyo, anti. Dzina lanu, nambala ya foni, tsiku lobadwa, mudzi wanu, mfumu yanu, ndi amene adzalandire thandizo mukatisiya. Zikakhala pamodzi zonsezo, ndiye deta."

"Ndiye mwatitsekera tonse m'kabokosi ako?"

"Tonse. Ndi akufa omwe."

Tsiku lina anandifotokozera za kutsimikiza. Anati munthu akaimba, samuuza kalikonse asanamufunse mafunso atatu a m'faelo yake. Akayankha bwino, ndiye kuti ndi mwini wake.

"Nanga iye amatsimikiza bwanji kuti ndinu eni ake?" ndinafunsa.

"Poti timadziwa zonse za iye, anti. Wakuba angadziwe bwanji dzina la mfumu yanu?"

Tonse tinaona kuti ndi yankho labwino.

Kuntchito ndinkaseka choncho, koma kunyumba kunali zii. Mwana wathu mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Mzuzu. Nsapato za bambo Kachingwe zinali zidakali kuseri kwa chitseko. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi ka kachasu kuti tulo tibwere. Kenako tiwiri. Pasanathe chaka ndinkamwa ndisanakwere minibasi, n'kutafuna tsamba la bulugamu kuti fungo lisamveke. Kumpingo ndinasiya. Loweruka ndinkagulitsa mandasi pa siteji, ndipo zimene ndapeza zinkathera kwa mayi wotcheza kachasu kuseri kwa chigayo.

Nthawi imeneyo kampani inagula sisitemu yatsopano. Anati mafaelo onse akale a mapepala ajambulidwe pa sikana, alowe m'kompyuta, ndipo mapepalawo adulidwe ndi makina. Ntchito yojambulayo anapatsa Tiyamike chifukwa anali wachangu. Koma makina odula mapepala anali aang'ono, ankatentha n'kuzima. Ndiye matumba odikira kudulidwa anawaunjika m'kachipinda kanga ka matsache.

Madamu Gondwe anaima pakhomo n'kunena kuti, "Nachisale, matumba awa asatuluke. Ndi chinsinsi cha makasitomala."

"Ndamva, madamu."

Ndinamvadi. Sindinganene kuti sanandiuze.

Lachisanu lomwelo ndinatapa mapepala odzaza dzanja n'kuwabisa m'chitenje. M'mutu mwanga ndinati ndi zinyalala, zikukadulidwa kale, bwanji ndizigula nyuzipepala zokulungira mandasi? Mlonda wa pageti anali mnzawo wa malemu amuna anga. Ena ankawasecha, ine ayi. Ankangoti, "Pitani bwino, alamu."

Loweruka lachitatu ndikukulunga mandasi m'mapepalawo, kunabwera bambo wina waukhondo, malaya ositidwa, mafoni awiri m'manja. Pa siteji ankamutchula kuti Shasha. Anagula mandasi atatu, n'kudya ataima, maso ali pa pepala lamafutalo. Atamaliza sanalitaye. Analipinda n'kuika m'thumba.

"Masteni, mandasi anu ndi okoma, koma pepala lake ndi lokoma kuposa. Mumawapeza kuti?"

"Kuntchito."

"Ine ndili ndi anzanga a tchipisi ku Limbe, akuvutika zokulungira. Muzindibweretsera ouma, osathira mafuta. Sindidzakukhumudwitsani."

Sabata yotsatira ndinamubweretsera. Anakhala pa benchi n'kuyamba kusankha. Opanda kanthu ankabweza. Ankatenga okhala ndi chithunzi cha chiphaso ndi nambala ya foni.

Amayi anzanga, wokulunga tchipisi sasankha pepala. Ine kuwerenga sindinkatha, koma zimenezo ndinazidziwa tsiku lomwelo. Kukhoti ndinafuna kunena kuti sindinkadziwa, pakamwa panakana. Ndinadziwa kuti pali choipa, ndinangosankha kusafunsa kuti n'choipa chanji, chifukwa zimene ankandipatsa zinkakwana mabotolo a sabata yonse.

Kuchoka pa dzanja limodzi ndinafika pa jumbo. Kuchoka pa jumbo ndinayamba kubwera ndi chikwama changa chachikulu chopita nacho kumaliro. Miyezi isanu ndinachita zimenezi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamwa tiyi wa Tiyamike.

Kenako TV ya pakhoma inayamba kufiira tsiku lililonse. Oimba anali amayi amasiye. Wina ankawaimbira foni ndi mawu aulemu, n'kunena kuti ndi wa ku kampani yathu, n'kutchula dzina la malemu, tsiku la maliro, mudzi, mfumu. Ankawauza kuti pali thandizo lina latsalira, angotchula nambala yachinsinsi ya akaunti ya pafoni kuti litumizidwe. Amayiwo ankatchula. Pofika madzulo, kafoni kali mbee.

Tsiku lina ndikupukuta tebulo loyandikana, ndinamva Tiyamike akuyankha mmodzi wa iwo.

"Pepani mayi. Ayi, ife sitifunsa nambala yachinsinsi. Ndikumva, mayi. Inde, anatchula dzina la bambo, ndikumva. Pepani kwambiri."

Anavula mahedifoni, n'kupita kuchimbudzi kukalira. Ine ndinapitiriza kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

Kunabwera akatswiri a makompyuta kudzafufuza. Apa ndi pamene ndinamva mawu akuti logi. Sisitemu imalemba yokha aliyense amene watsegula faelo ya kasitomala, ndi tsiku lake, ndi ola lake, potengera pasiwedi imene walowera. Anatenga mayina a amayi onse oberedwa aja n'kufunsa sisitemu kuti anatsegula mafaelo awo ndani. Paliponse panatuluka dzina limodzi. Tiyamike, Tiyamike, Tiyamike. Nanga si ndiye anawajambula onse pa sikana?

Sisitemu imaona amene walowa ndi pasiwedi. Amene walowa ndi tsache siimuona.

Apolisi anabwera Lachiwiri cha m'ma teni koloko, anthu onse ali pa mafoni. Anamuvula mahedifoni ali pakati pa kulankhula. Sanakuwe. Podutsa pamene ndinaima anandiyang'ana, n'kuyesa kumwetulira.

"Anti, munditsukire kapu. Ndibwera, ndi zolakwika chabe izi."

Ndinagwira mopu ndi manja awiri. Pakamwa panga panali mawu, koma sanatuluke. Kapu ndinatsuka, n'kuiika m'chikwama chomwe chija ndinkabera mapepala.

Ndinakhala chete masabata atatu. Ndinkamva atsikana akunong'onezana kuti belo yamukanika, kuti ali pa rimandi kundende ya Chichiri, kuti chinkhoswe chake chimene chinali mwezi wotsatira akuchimuna achiimitsa. Ndinkamva zonsezo ndikukolopa. Mapepala ndinasiya kutenga, ndipo ndinkadziuza kuti kusiyako n'kokwanira. Ndinkati ndi wophunzira, ali ndi malume a galimoto, amutulutsa. Ine ndikalowa adzanditulutsa ndani?

Tsopano ndilankhule pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandigwira pakhosi.

Linali Loweruka masana, nditabwerako ku siteji. Ndinakhala pakhonde, beseni la mandasi otsala lili pambali, botolo ndisanatsegule. Foni inalira, nambala yachilendo. Anali mawu a mtsikana, ofewa, aulemu, moni wake ndendende wa ku kolosenta.

"Kodi ndikulankhula ndi mayi Esinati Nachisale, mkazi wa malemu bambo Laitoni Chimwemwe Kachingwe?"

Amayi anzanga, panali patatha zaka ziwiri palibe munthu ananditchulira dzina lonse la amuna anga. Anthu amati malemu, malemu, ngati munthu analibe dzina. Chimwemwe linali dzina la ubwana wawo, ankawaitana choncho mayi awo okha.

"Ndine," ndinatero.

Anatchula tsiku limene anamwalira. Anatchula mudzi wawo ku Thyolo ndi mfumu yake. Anati bambo Kachingwe anali munthu wokonda banja lake, anasiya kathandizo kena kamene sikanaperekedwe, ndipo lero katumizidwa. Ine misozi ili chuchuchu. M'mtima ndinati, Laitoni, ngakhale uko ukundikumbukira. Ine amene ndinkadziwa za amayi oberedwa, ine amene ndinamva ndi makutu anga Tiyamike akunena kuti sitifunsa nambala yachinsinsi, ndinaiwala zonse chifukwa cha dzina limodzi.

"Kuti titsimikize kuti ndinu eni ake, mungotchula nambala yanu yachinsinsi, mayi."

Ndinatchula nambala yoyamba mwa zinayi zake. Ndinatchula yachiwiri.

Ndiye kumbuyo kwa mawu ake ndinamva woitanira minibasi akukuwa kuti, "Limbe, Limbe, awiri otsala!" ndi hutala ikulira.

Chipinda chija ndinachikolopa zaka ziwiri. Mawindo ake satseguka. Mulibe minibasi m'menemo.

Ndinatseka pakamwa. Ndiye maganizo anayamba kubwera limodzilimodzi. Faelo ya amuna anga inali ya pepala. Inali m'gulu la mafaelo akale. Inajambulidwa, inalowa m'thumba, thumbalo linalowa m'kachipinda kanga. Ndinakumbukiranso tsiku limene ndinapita kukalembetsa za maliro. Anandipatsa cholembera, koma dzina langa sindinkatha kulemba, ndiye anandidinditsa chala.

"Halo, mayi? Zatsala ziwiri."

"Mwanawe," ndinati, "pepala ukuwerengalo, pansi pake pali chala cha inki?"

Ndinamva akutembenuza pepala. Kenako anati, "Chilipo, mayi. Mwaonatu kuti ndife enieni."

"Chala chimenecho n'changa. Ndipo pepalalo anakubweretserani ndine."

Foni inaduka.

Ndinanyamula dzina la amuna anga m'chikwama, kudutsa nalo pageti, kukwera nalo minibasi pa msewu wa Chipembere, kulipereka kwa Shasha pa benchi, osalizindikira. Zilembo zake zinadutsa m'manja mwanga ngati za mlendo. Ndipo kachisangalalo kaja ndinamva pakhonde, kuganiza kuti wakufa wandikumbukira, ndi komwe anamva amayi onse aja asanaberedwe. Sanali opusa. Anali osowa wowatchulira dzina. Msampha umenewo nyambo yake ndinkapereka ndine.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinataya botolo lija. Ayi, ndinamwa lonse, Lamulungunso ndinamwa. Koma Lolemba ndinadzuka osamwa, ndinavala chitenje cha kumpingo, n'kukagogoda kwa madamu Gondwe.

"Nachisale, ndili bize. Sopo watha?"

"Ayi madamu. Ndabwera kudzatulutsa Tiyamike."

Anavula magalasi. Ndinafotokoza kuyambira pa dzanja loyamba la mapepala. Sanandidule mawu. Nditamaliza anangofunsa funso limodzi.

"Tsiku limene ankamutenga, munali pati?"

"Pakhomo, madamu. Ndi mopu."

Anatenga foni n'kuimbira apolisi.

Loweruka lotsatira ndinakhala pa siteji ndi beseni langa ndi jumbo ya mapepala, apolisi ovala wamba ali pafupi. Shasha atakhala pa benchi n'kuyamba kusankha, anamugwira. Iye anawatengera kwa anzake ku Limbe. Tiyamike anatuluka. Ine ndinalowa. Woweruza anati poti ndinadzipereka ndekha ndipo n'koyamba, andichepetsera. Zimene anaberedwa amayi aja sizinabwerere, ndipo ambiri mwa iwo sindidzawadziwa nkhope.

Kubwerera kwanga kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo ndikuuzani mmene kunayendera, mwina wina zimuthandiza.

Masabata oyamba kundende thupi linkafuna kachasu mpaka kusanza. Zinadutsa. Kenako ndinalowa sukulu ya kwacha imene ankaphunzitsa mayi wina wandende mnzathu, yemwe kale anali mphunzitsi. Atandifunsa kuti ndikufuna kuyamba ndi chiyani, ndinati andilembere dzina la amuna anga. Ndinalikopera pa sileti mpaka ndinaliloweza chilembo ndi chilembo. Lero ndimawerenga, mochedwa koma ndimafika. Pepala lililonse lodutsa m'manja mwanga ndimayamba ndaona kuti ndi la yani.

Nditatuluka ndinasintha njira yopitira kunyumba kuti ndisamadutse kuseri kwa chigayo. Ola limene mtima umandivuta ndi dzuwa likamalowa, ndiye nthawi imeneyo sindikhala ndekha. Ndimapita kwa aneba kukathandiza kusadzula masamba, kaya andiitana kaya sanandiitane. Nsapato zija ndinapatsa mlamu wanga. Mwana wanga wa ku Mzuzu ndinamuuza zonse ndekha.

Ntchito ndinaipeza ku Limbe, pa golosale yaikulu ya Che Jafali ndi akazi awo, Abiti Saidi. Ndisanagwire tsache ndinawauza kumene ndachokera ndi chimene ndinachita. Che Jafali anakanda ndevu.

"Mapepala athu kuno ndi malisiti a sopo ndi shuga. Mukawaba, mudzangodziwa kuti shuga wakwera."

Abiti Saidi sanaseke. Anati, "Mwanena nokha, ndiye yambani mawa. Koma chikwama muzisiya kwa ine."

Mpaka lero ndimasiya chikwama kwa iwo, ndipo sindidandaula. Mlonda uja akanamandisecha, mwina bwenzi lero ndikuuzani nkhani ina.

Chinatsala ndi Tiyamike. Kampani inamupepesa n'kumuitana kuti abwerere, koma anakana. Chinkhoswe chinatheratu, mnyamatayo anakwatira wina. Ndinamva kuti akugulitsa m'sitolo ya nsalu pa Chichiri. Ndinatenga miyezi inayi ndikuzengereza. Tsiku lina ndinakulunga kapu yachikasu ija m'kansalu n'kupita.

Anandiona ndisanalowe. Anali ataonda. Anamaliza kaye kuyeza nsalu ya kasitomala, kenako anatuluka panja.

"Anti."

Ndinagwada pa simenti pomwepo, anthu akudutsa ndi matilole awo.

"Dzukani, anti, mukundichititsa manyazi."

"Ndabwera kudzapepesa, mwanawe. Ndabweretsanso kapu yako. Ndinatsuka."

Anaiyang'ana, osailandira.

"Za mapepala ndinakukhululukirani kalekale," anatero. "Munali ndi chisoni, munkamwa, fungo ndinkalimva m'mawa uliwonse, bulugamu sabisa kanthu. Koma masabata atatu, anti. Mukudziwa kuti m'kati muja ndinkakupemphererani? Ndinkati anti asowa womwa naye tiyi."

Anayang'ana m'sitolo, kenako anapitiriza.

"Mukanalankhula pakhomo paja, bwenzi ndili pabanja panga lero. Mwina tsiku lina mtima udzatsika. Lero ayi. Kapuyo khalani nayo."

Anabwerera m'sitolo, ndipo ndinamumva akulonjera kasitomala wina ndi mawu aulemu omwe aja.

Ndiye amayi anzanga, ine sindinabwere kudzakuphunzitsani za makompyuta, sindiwadziwa. Ndingonena zimene ndinaphunzira mochedwa. Pepala la m'bini ya ofesi lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo akhoza kukhala wamasiye ngati iwe. Akakuuzani kuti thumba ili likadulidwe, likadulidwe, ngakhale makala akukana kuyaka kunyumba, ngakhale mandasi alibe chokulungira. Munthu akayamba kukugulani zinyalala mosankha, dziwani kuti si zinyalala. Ndipo wina akakuimbirani n'kutchula dzina la malemu anu, lirani ngati mukufuna, koma nambala yachinsinsi musatchule.

Koma chachikulu ndi ichi. M'chipinda chino mwina muli wina amene ali ndi kanthu m'chitenje, ndipo pali mnzake amene akuvutika m'malo mwake. Ndikudziwa zimene mukudziuza, ndinadziuzapo zomwezo. Ndende ndinaimaliza, kachasu ndinasiya, kuwerenga ndinaphunzira. Zonsezo zinatheka kukonza. Masabata atatu aja okha ndi amene akana.

Kapu yachikasu ili pa shelefu kwanga ku Bangwe. Sindimweramo. Loweruka lililonse ndimaitsitsa, kuitsuka, n'kuibwezera pomwepo, poti mwini wake anati nditsuke, abwera.